Kutsuka thanki ya chosefera madzi: chifukwa chake ndi kachitidwe kake

M'nyumba zambiri za mu Lilongwe masiku ano mumapezeka chipangizo chosefera madzi akumwa. Mabanja ena ali ndi ndowa ziwiri zosanjikizana zokhala ndi masefa adothi ooneka ngati makandulo, amene timangowatcha makandulo, ena anakhomera pakhoma la kukhitchini makina amagetsi okhala ndi kathanki m'kati mwake, ena ali ndi makina a pansi pa sinki amene amasunga madzi m'thanki yachitsulo yosatsegulika, ndipo enanso amagula madzi a m'mabotolo akuluakulu n'kumawaika pa dispenser, makina okhala ndi timipopi amene botolo limavundikiridwa pamwamba pake. Zipangizozi zimasiyana mtengo ndiponso kagwiridwe kake ka ntchito, koma chilichonse chili ndi malo amene madzi amakakhala akasefedwa, kudikira kuti munthu adzatunge. Malo amenewa ndi amene eni ake ambiri sawalabadira. Munthu amakumbukira kusintha sefa, amadandaula madzi akayamba kutuluka pang'onopang'ono, koma thanki imatha chaka osatsegulidwa, poganiza kuti mmene mumangolowa madzi oyera simungade. Kulakwika kwa maganizo amenewa kumaonekera munthu akadziwa zonse zimene chosefera chimachotsa m'madzi.

Madzi a m'mipopi ya mumzinda uno amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, umene umayambira kumapiri a Dzalanyama, ndipo amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lomangidwa mu 1966 ndipo lachiwiri mu 1989. Bungwe la Lilongwe Water Board likawapopa limadikhitsa matope, limawasefa, kenako limathiramo klorini. Klorini ameneyu sathiridwa wongokwanira kupha tizilombo timene tilimo panthawiyo ayi, koma amathiridwa woti wina atsalemo n'kuyenda ndi madziwo m'mapaipi mpaka kukafika pakhomo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti pamalo otungira pazikhala klorini wotsala wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita imodzi. Kafungo ka mankhwala kamene nthawi zina timakamva pampopi, kamenenso kamachititsa anthu ena kukagula chosefera, ndiko chizindikiro chakuti madziwo akadali ndi chowateteza, moti tizilombo tochepa tikagweramo timafa.

Tsono zosefera zambiri zimachotsa klorini ameneyu mwadala. M'kati mwa makandulo ambiri adothi muli makala okonzedwa mwapadera amene amayamwa klorini kuti madzi azikoma, ndipo m'makina a pansi pa sinki aja, otchedwa reverse osmosis, sefa ya makala imaikidwa patsogolo chifukwa klorini amawononga membrane, kansalu kopyapyala kamene kamagwira ntchito yaikulu yosefa ndipo ndiko kokwera mtengo. Motero madzi amene amagwera m'thanki amakhala oyera kuposa a pampopi, koma alibenso chilichonse chowateteza. Tizilombo tikalowa m'thankimo podzera kwina kulikonse kupatula pa sefa, palibe chopha tizilomboto. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime nawonso ali chimodzimodzi, popeza analibe klorini kuchokera pachiyambi pomwe.

Njira zolowera tizilombo n'zambiri, ndipo zambiri mwa izo zimadzera m'manja mwathu. Chivindikiro chimatsegulidwa ndi manja amene angogwira kumene ndiwo zosaphika kapena thewera la mwana. Kapu imene munthu wamwera imagunda kukamwa kwa mpopi. Nyerere ndi mphemvu zimalowa pakampata kolowera mpweya. Kandulo amang'aluka pang'ono pamene maso sangaone, kapena nati yomangira kanduloyo imakhwepa, n'kumalola madzi osasefedwa kudutsa m'mbali mwa mphira. Makina okhala ndi getsi la UV, la kuwala kosaoneka ndi maso, amapha tizilombo pokhapokha getsilo likuyaka, ndipo madzi akadutsa pagetsipo n'kukakhala m'thanki, mphamvu yakeyo siwatsatira. Palinso vuto la kusiya kwa madzi, limene anthu a m'madera ambiri a mzinda uno amalidziwa bwino. Mapaipi akakhala opanda madzi, pamalo paliponse pobooka pamalowa madzi akuda a m'nthaka, n'chifukwa chake madzi oyamba kubwera pambuyo pake amakhala ofiirira. Zimene zinachitika ku Area 18 mu Julaye 2017, pamene zonyansa za m'suweji zinalowa m'mapaipi a madzi akumwa, zinaonetsa kuti chosefera chingathe kulandira katundu woposa mphamvu zake tsiku limene mwini wake sakuyembekezera.

Tizilombo tikalowa m'thanki sitimangoyandama m'madzi. Timamatirira kukhoma la thankiyo n'kuyamba kutulutsa timadzi tomata timene timatikuta, ndipo m'kati mwa zomatazo timaswana, timakola tizidutswa ta chakudya todutsa ndi madzi, n'kumakulirakulira mpaka khoma lonse litakutidwa. Akatswiri amazitcha biofilm. Poyamba sizioneka ndi maso, koma munthu akapisa chala chosambitsidwa bwino n'kusisita pansi pa thanki kapena m'makona, amamva kuterera. Kuterera kumeneko kumayamba kale madzi asanasinthe fungo kapena kakomedwe, choncho amene amadikira kuti amve fungo amakhala atachedwa ndi milungu yambiri. Chovuta china n'chakuti tizilombo tokhala m'zoterera timeneti timapirira mankhwala kwambiri kuposa toyandama, chifukwa klorini amathera mphamvu pa zomata za pamwamba asanafike pansi pamene pali tizilombo tamoyo.

Pano m'pofunika kunena zoona popanda kuopseza. Mabakiteriya ambiri amene amamera m'thanki yotere ndi wamba, ndipo sadwalitsa munthu wamkulu wathanzi. Chodetsa nkhawa n'chakuti zotererazo zimasanduka mobisalamo tizilombo toopsa tikapeza mpata wolowa, monga toyambitsa taifodi, kamwazi ndi kolera, ndiponso kuti ena mwa mabakiteriya wambawo, monga Pseudomonas aeruginosa, amatha kuvulaza makanda, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri, moti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. M'nyengo ngati imeneyo, nyumba imene ili ndi chosefera chabwino koma thanki yakuda ili pangozi yapadera, chifukwa anthu ake amakhala atasiya kuwiritsa madzi ndi kuthiramo mankhwala podalira chipangizo.

Kutentha ndi kuwala zimafulumizitsa zonsezi. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene masana mu Lilongwe kumatentha mpaka cha m'madigiri 30, mabakiteriya amaswana msanga kuposa mu Juni, ndipo chosefera chimene chili pafupi ndi mbaula kapena kumbuyo kwa firiji chimakhala pamalo ofunda chaka chonse. Ndowa yoonekera m'kati ikakhala pawindo pofika dzuwa imamera ndere zobiriwira. Kungosamutsira chipangizo pamalo amthunzi ndi ozizira kumachepetsa ntchito yotsuka.

Kutsuka thanki yotsegulika

Thanki zotsegulika, monga ndowa ya pansi ya sefa ya makandulo ndi kathanki ka makina a pakhoma, zimatsukidwa m'magawo atatu amene sayenera kusinthanitsidwa: kukwecha, kuthira mankhwala, ndi kutsukuluza. Anthu ambiri amadumpha gawo loyamba poganiza kuti mankhwala amphamvu atha okha ntchito yonse. Koma monga mmene poto wa nsima sayera pongothiramo madzi nkhoko zisanapalidwe, zoterera za m'thanki sizichoka popanda kuzikwecha ndi dzanja. Klorini amagwira bwino pakhoma limene layeretsedwa kale.

Musanayambe, sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, ndipo konzani malo oyera oikapo zidutswa zimene muzimasula, monga beseni lotsukidwa kumene. Ngati makinawo ndi amagetsi, zulani pulagi kukhoma, osangoti kuzimitsa pa switchi ya makinawo, kenako tsekani valavu yolowetsa madzi. Getsi la UV limavulaza maso, choncho makina asatsegulidwe likuyaka. Ngati makina akadali pa pangano loti ogulitsa adzawakonza akawonongeka, yambani mwawerenga zimene panganolo likunena, chifukwa ena salola kuti mwini atsegule yekha. Musanataye madzi amene ali m'thanki, tungani malita angapo m'chigubu choyera n'kuwasunga, kapena wiritsani ena n'kuwasiya kuti azizire, pakuti mudzawafuna pomaliza.

Chokwechera chikhale siponji yofewa kapena kansalu katsopano kamene ntchito yake ndi imeneyi yokha, ndipo kazisungidwa kouma. Nsanza ya pasinki, imene imapukuta mbale, tebulo ndi thabwa lodulirapo nyama, ndi chimodzi mwa zinthu zakuda kwambiri m'khitchini, ndipo munthu amene watsukira nsanza imeneyi thanki ya madzi akumwa wabzalamo tizilombo tochuluka kuposa timene wachotsa. Waya wotsukira mapoto, mchenga ndi phulusa, zimene zimawalitsa ziwiya zachitsulo, zisayandikire thanki ya pulasitiki, chifukwa zimakanda khoma n'kusiya timizere tosaoneka mmene zoterera zimakhazikika mozama, moti siponji singazifikenso. Thanki imene inakandika kale kwambiri ndi bwino kungoisintha. Madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale n'zokwanira, malinga sopoyo atsukuluzidwe mpaka thovu litatheratu. Sopo waufa wochapira zovala ndi sopo wonunkhira amasiya fungo limene pulasitiki imaligwira kwa nthawi yaitali. Kwechani pansi, m'makona, kuzungulira bowo la mpopi, kunsi kwa chivindikiro kumene nthunzi imasonkhana n'kumadonthera m'madzi, komanso kachoyandama kamene kamazimitsa makina thanki ikadzaza, kamene kamafuna kukagwira mosamala chifukwa sikachedwa kuthyoka.

Amene amagwiritsa ntchito madzi a pamjigo nthawi zina amapeza zoyera zolimba zitamatirira kukhoma ndi pampopi. Imeneyi ndi miyala ya laimu yochokera m'madzi, ndipo klorini saisungunula. Imasungunuka ndi viniga kapena madzi a mandimu, mukaiviika kwa theka la ola n'kuikwecha. Koma viniga ndi klorini zisakumane, chifukwa zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umawotcha maso ndi mapapo. Chimodzimodzinso mankhwala otsukira chimbudzi ndi aliwonse okhala ndi amoniya. Mukagwiritsa ntchito viniga, tsukuluzani kambirimbiri musanafike pa gawo la mankhwala, ndipo mawindo akhale otsegula.

Muyezo wa klorini ndi pamene anthu ambiri amasochera, ena pothira wochepa kwambiri, ena pokhuthula theka la botolo. Jik wamba amene amagulitsidwa m'masitolo athu ali ndi mphamvu ya 3.5 peresenti, kutanthauza kuti mu lita imodzi muli pafupifupi mamiligalamu 35,000 a klorini. Supuni yaikulu imodzi, yomwe ndi mamililita 15, ikathiridwa m'malita 10 a madzi imapereka pafupifupi mamiligalamu 50 pa lita, ndipo mphamvu imeneyi ndi yokwanira kupha tizilombo pakhoma lokwechedwa bwino madziwo akakhalamo mphindi 30. Ngati muli ndi klorini wosungunula wa 1 peresenti, amene alangizi a zaumoyo amagawa m'madera nthawi ya kolera, muyezo wofanana nawo ndi mamililita 50 m'malita 10, omwe ndi masupuni aakulu atatu ndi pang'ono. Muyezo umenewu ndi wotsukira, si wakumwa. Ndi wamphamvu kwambiri kuposa umene umathiridwa m'madzi akumwa, choncho ana asayandikire ndowa imene ili ndi madzi amenewa, ndipo wina aliyense m'nyumba auzidwe kuti chosefera chili pa mankhwala.

Jik wake akhale wopanda zonunkhiritsa, osati uja wa fungo la maluwa kapena la mandimu, komanso osati wokhuthala wotsukira zimbudzi. Klorini wamadzi amatha mphamvu akakhalitsa, makamaka pamalo otentha ndi owala, motero botolo limene lakhala pawindo kwa chaka silingadaliridwe, ndipo madzi osungunulirawo azikonzedwa tsiku lomwelo. Klorini waufa wa HTH ndi wamphamvu kwambiri, pakati pa 65 ndi 70 peresenti, ndipo malangizo anga ndi akuti pathanki yaing'ono ya m'khitchini musamugwiritse ntchito mwachindunji, chifukwa kulakwitsa pang'ono pa muyezo kumakhala kwakukulu. Madzi osungunulira akhale ozizira, popeza otentha amauluza klorini. Thanki idzazidwe mpaka pakamwa kuti khoma lonse linyowe, chivindikiro chiviikidwe kapena chipukutidwe ndi madzi omwewo, ndipo ngati thankiyo ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, mphindi 30 zisapitirire, chifukwa klorini akakhalitsa amadya chitsulo chimenechi n'kusiya timaenje.

Mpopi umafuna chisamaliro chakechake, ndipo pa zidutswa zonse ndiwo umene ndimaona kuti umanyalanyazidwa kwambiri. Dontho lililonse limene banja limamwa limadutsa m'kanjira kake kopapatiza, kamene kamakhala konyowa usana ndi usiku, ndipo kunja kwake kumagwidwa ndi dzanja la aliyense. Pandowa ya makandulo mpopi umamasuka pozungulitsa nati ya m'kati. Umasuleni, chotsani mphira zake, kwechani m'kati ndi mswachi watsopano kapena kaburashi ka mabotolo a ana, ndipo muuviike m'madzi a klorini aja pamodzi ndi mphirazo. Kunsi kwa mphira kumakonda kukhala zakuda zimene munthu sangazione mpopi uli pamalo pake. Ngati mpopi sumasuka, tsegulani kuti madzi a klorini atulukeko pang'ono, kenako tsekani kuti ena atsakamire m'kanjirako nthawi yonse imene thanki ili pa mankhwala, ndipo pomaliza madzi onse atulukire pampopi pomwepo.

Gawo lomaliza, lotsukuluza, ndi pamene ntchito yonse ingathe kuwonongekera. Munthu akatsukuluza thanki ndi madzi a mumgolo wa panja kapena a pachitsime, wabwezeramo zimene amachotsa. Apa ndi pamene pamafunika madzi aja munasunga kapena owiritsa. Mu Lilongwe, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, madzi amawira asanafike madigiri 100, koma akabwadamuka kwa mphindi imodzi yathunthu amakhala otetezeka. Tsukuluzani kawiri kapena katatu mpaka fungo litachepa. Kafungo kochepa kotsalira sikovulaza, ndipo kamatha kokha. Musapukute m'kati ndi nsalu. Vundikirani thankiyo pamalo oyera kuti madzi akhe okha, kapena ibwezeretseni ili yonyowa, n'kutaya madzi oyamba amene chosefera chitulutse.

Makandulo sasamalidwa ngati thanki, ndipo zimene zimathandiza thanki zimawawononga. Dothi lake lili ndi timabowo tating'ono kwambiri timene timatsekereza mabakiteriya ambiri ndi mazira a njoka za m'mimba, koma limayamwa chilichonse chimene laviikidwamo, choncho sopo kapena Jik akalowamo satulukamo msanga, ndipo amawononga makala a m'kati. Kandulo amatsukidwa ndi madzi oyera okha ndi burashi yofewa kapena siponji yokhakhala pang'ono, mpaka mtundu wake woyera utaonekanso. Pomutsuka, kukamwa kwake, kumene kumatulukira madzi osefedwa, kuziloza m'mwamba ndipo kusakhudzidwe ndi madzi akudawo kapena zala. Kukwecha kulikonse kumachotsa dothi pang'ono, motero kandulo amapyapyala m'kupita kwa nthawi, ndipo opanga ena amapereka kachoyezera kosonyeza nthawi yomusintha. Kandulo amene wayamba mwadzidzidzi kutulutsa madzi mofulumira sanachire ayi, wang'aluka, ndipo ayenera kutayidwa. Tisaiwalenso kuti mavairasi, monga a rotavirus amene amatsekula ana m'mimba, ndi aang'ono kuposa timabowo ta dothilo, n'chifukwa chake madzi opangira mkaka wa khanda amayenera kuwiritsidwa ngakhale atasefedwa.

Thanki yosatsegulika ya pansi pa sinki

Thanki yachitsulo ya makina a reverse osmosis ili ndi mapangidwe ena. M'kati mwake muli mphira yopatula zipinda ziwiri, china cha madzi, china cha mpweya wopanikizidwa umene umakankha madziwo kupita kumpopi. Dzanja silingalowemo, choncho kukwecha n'kosatheka, ndipo chimene chimatsala ndi kuyendetsamo madzi a klorini. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene mukusintha masefa, kamodzi pachaka. Valavu yolowetsa madzi imatsekedwa, mpopi n'kutsegulidwa mpaka thanki itauma. Masefa onse amachotsedwa m'zikho zake pamodzi ndi membrane, imene imasungidwa yonyowa m'jumbo yoyera. Kuchotsa kumeneku sikoti mwina, chifukwa sefa ya makala ikatsalamo imayamwa klorini yense asanafike kuthanki, ndipo membrane ikatsalamo imawonongeka. Supuni yaikulu imodzi ya Jik imathiridwa m'chikho choyamba, zikho zonse n'kumangidwa zili zopanda kanthu, kenako madzi amatsegulidwa kuti adzaze thanki. Pakatha mphindi 30, madzi onse amatulutsidwa, thanki n'kudzazidwanso ndi kukhuthulidwa mpaka fungo la klorini litatha, ndipo pamenepo m'pamene masefa atsopano ndi membrane zimabwezeretsedwa. Madzi a thanki yoyamba ndi yachiwiri pambuyo pake amatayidwa, chifukwa amakhala ndi fumbi lakuda la makala atsopano.

Thanki ikadali yopanda madzi, ndi bwino kuyeza mpweya wake pa valavu yofanana ndi ya tayala la njinga imene ili m'mbali kapena pansi pake. Mathanki ambiri amtunduwu amafuna mpweya wa pafupifupi 7 psi (psi ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya) akakhala opanda madzi, ndipo pampu ya njinga imakwanira kuwonjezera, malinga mupope pang'onopang'ono. Thanki imene ikulemera koma ikutulutsa madzi ochepa yataya mpweya. Ngati pavalavu ya mpweya pakutuluka madzi, mphira ya m'kati yaphulika, madzi akukhudza chitsulo, ndipo palibe kutsuka kumene kungaithandize. Amene sakudzidalira pa ntchito yomasula ndi kumanga mapaipi ang'onoang'onowa aitane mmisiri, koma amufunse mosabisa ngati atsukenso thanki, popeza amisiri ena amangosintha masefa n'kumapita.

Dispenser imatsata njira ya thanki yotsegulika: kuzula pulagi, kuchotsa botolo, kukwecha kathanki ka pamwamba, kuyendetsa madzi a klorini mpaka kumipopi, ndi kutsukuluza kufikira fungo litatha, osaiwala kutsegula kachotsekera ka kumbuyo kotulutsira madzi a mbali yotentha. Chofunika kukumbukira n'chakuti magetsi asayatsidwe mpaka madzi atayamba kutuluka pampopi wa madzi otentha, apo ayi chotenthetsera chimapsa. Khosi la botolo latsopano, limene layenda pagalimoto kapena panjinga m'fumbi la mumsewu, lizipukutidwa lisanavundikiridwe, chifukwa limalowa m'madzi momwemo.

Funso loti kutsuka kuzichitika kangati lilibe yankho limodzi, ndipo buku la opanga chipangizo likanenapo kanthu, litsatidwe. Kupanda apo, ndikuona kuti ndowa ya makandulo iyenera kutsukidwa kamodzi pamwezi, ndipo m'miyezi yotentha ndi m'dzinja, pamene madzi amabwera ndi matope ndiponso matenda otsekula m'mimba amachuluka, pakatha milungu iwiri iliyonse. Kathanki ka makina a pakhoma ndi dispenser zisapitirire miyezi itatu. Kukamwa kwa mpopi kuzipukutidwa mlungu uliwonse. Kuwonjezera apo, pali nthawi zina zosafuna kuyang'ana kalendala: banja likabwera kuchokera kumudzi patapita masiku angapo madzi ali chikhalire, madzi ofiirira akalowa m'chosefera, kandulo wong'aluka akasinthidwa, kapena wina m'nyumba akadwala matenda otsekula m'mimba. Madzi ogonera masiku ambiri m'thanki asamwedwe, athiriridwe maluwa kapena akolopere m'nyumba. Kulemba tsiku lotsukira pa kapepala n'kumata pachipangizo kumathandiza, chifukwa m'nyumba ya anthu ambiri aliyense amaganiza kuti mnzake anatsuka.

M'mabanja ambiri a mumzinda uno ntchito imeneyi imagwera wothandiza ntchito za pakhomo kapena mwana wamkulu, amene kawirikawiri amangouzidwa kuti atsuke popanda kuonetsedwa. Iye amatsuka mmene amatsukira ziwiya zina zonse, ndi nsanza ya pasinki ndi waya, ndipo kanduloyo amamupaka sopo mwakhama pofuna kuti awale. Kumeneku si kulakwa kwake. Mwini nyumba ayenera kugwira naye ntchitoyi ulendo woyamba, kumufotokozera chifukwa cha gawo lililonse, ndi kumupatsa siponji, mswachi ndi supuni zoyezera zimene sizigwiranso ntchito ina.

Nyumba zimene zili ndi thanki yaikulu ya panja, yosungira madzi podzitchinjiriza ku kusiya kwa madzi, zili ndi mbali ina yoiganizira. Madzi akakhala masiku m'thanki yoteroyo padzuwa, klorini wa ku Water Board amauluka, matope amadikha pansi, ndipo ngati chivindikiro chili chosatseka bwino mumagwera fumbi, abuluzi ndi zitosi za mbalame. Chosefera cha m'khitchini chimalandira madzi oipa kuposa a mumpopi wa mumsewu, masefa ake amatsekeka msanga, ndipo mwayi woti china chidutse umakula. Thanki imeneyi imafuna kukhuthulidwa ndi kutsukidwa kamodzi pachaka, ndipo munthu asalowemo muli fungo la klorini kapena popanda mnzake womuyang'anira panja.

Pomaliza kutsuka, ena amaviika m'madzi kachipangizo koyezera TDS, kutanthauza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, n'kukhutira akaona nambala yotsika. Kachipangizoko kamayeza mchere wosungunuka basi, ndipo kamathandiza kudziwa ngati membrane ikugwirabe ntchito, koma mabakiteriya sikawaona, moti madzi odzaza tizilombo angathe kuonetsa nambala yokongola. Choonetsa ngati madzi ali otetezeka ndi kuyeza E. coli, bakiteriya wa m'matumbo amene malinga ndi WHO sayenera kupezeka ngakhale mmodzi m'mamililita 100 a madzi akumwa. Kuyeza kotere kumachitika ku labotale, monga ya Central Water Laboratory ya unduna woona za madzi imene ili mu Lilongwe momwemuno. Madzi okayezetsa amatungidwa m'botolo lopanda tizilombo lochokera ku labotaleko, amanyamulidwa ozizira, ndipo amaperekedwa tsiku lomwelo. Ngati m'nyumba mukudwalidwa kawirikawiri ngakhale thanki ikutsukidwa, tengani mabotolo awiri, lina la madzi ongotuluka kumene mu sefa asanagwere m'thanki, lina la madzi a pampopi womwera. Botolo loyamba likapezeka ndi tizilombo, vuto lili pa kandulo, pa membrane kapena pa mphira zomangira. Loyamba likakhala loyera koma lachiwiri ayi, vuto lili m'thanki kapena mumpopi, ndipo pamafunika kubwereza kukwecha kapena kusintha thankiyo.